Mwasokoneza agogo ndi mdzukulu: konzani nkhani ya Lord Salisbury

Akonzi,

Ndipatseniko danga m'nyuzipepala yathuyi kuti ndidandaule za nkhani ya malire a nyanja ya Malawi imene munatulutsa sabata yatha. Mlembi wanu anayamba bwino, koma atafika pa Lord Salisbury anasochera. Analemba kuti munthu amene anagawana maiko a Africa ndi Germany mu 1890 ndi yemweyo amene anaimirira m'Nyumba ya Malamulo ku London mu 1961 n'kunyoza Iain Macleod, nduna imene inatulutsa Dr. Kamuzu Banda m'ndende ya Gwelo. Pansi pake munaikanso chithunzi cha mkulu wandevu zambiri uja, kusonyeza kuti nanunso munavomereza.

Akonzi, mkulu wandevuyo anabadwa mu 1830 ndipo anamwalira mu Ogasiti 1903. Kuti akalankhule mu Malichi 1961 akanakhala ndi zaka 131. Kodi mu ofesi yanu monsemo munalibe munthu mmodzi wotenga pensulo n'kuchotsera zaka? Amene analankhula mu 1961 ndi mdzukulu wake, wobadwa mu 1893. Agogowo anali Marquess of Salisbury wachitatu, mdzukuluyo wachisanu, ndipo pakati pawo panali James, wachinayi, amene anakhala paudindowo kuchokera mu 1903 mpaka 1947. Anthu atatu mwawapanikiza m'thupi limodzi.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti ife Amalawi ndife anthu osayenera kulakwitsa zinthu zotere. Timadziwa kuti dzina laufumu amalowa. Mlembi wanuyo akanalemba kuti Gomani amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896 ndi yemweyo amene anakana chitaganya mu 1953, bwenzi Angoni a ku Ntcheu atadzaza pakhomo panu m'mawa mwake, ndipo bwenzi mutapepesa patsamba loyamba. Koma poti ndi dzina la mzungu mwaona ngati palibe angazindikire. Tazindikira.

Popeza zikuoneka kuti palibe anafufuza, ndiloleni ndikuyalireni mzere wa banjali. Dzina lawo ndi Cecil. Kholo lawo William Cecil anali mlangizi wamkulu wa Mfumukazi Elizabeth woyamba, ndipo mu 1571 anapatsidwa udindo wa Baron Burghley. Mwana wake wamng'ono Robert anakwera mofulumira mu ulamuliro wa Mfumu James: Baron Cecil of Essendon mu 1603, Viscount Cranborne mu 1604, Earl of Salisbury mu 1605. Iyeyu ndiye anamanga Hatfield House, nyumba imene banjali likukhalamobe mpaka lero. Mu 1789 Earl wachisanu ndi chiwiri anakwezedwa kukhala Marquess, ndipo kuwerenga kunayambanso pa woyamba. Dzina la Gascoyne linawonjezedwa mu 1821 kudzera mu ukwati, n'chifukwa chake m'mabuku mumapeza Gascoyne-Cecil.

Ndikudziwa pamene pamazembera anthu osasamala. Maudindo onsewa amakhala m'manja mwa munthu mmodzi, koma mwana wamwamuna wamkulu amabwerekedwa dzina la Viscount Cranborne pamene bambo ake ali moyo. Mkulu wandevu uja anayamba ngati Lord Robert Cecil chifukwa anali ndi mkulu wake. Mkuluyo atamwalira mu 1865 iye anakhala Viscount Cranborne, ndipo bambo ake atamwalira mu 1868 anakhala Lord Salisbury. Munthu mmodzi, mayina atatu. Kuwonjezera apo wachitatu, wachisanu, wachisanu ndi chimodzi ndi wachisanu ndi chiwiri onse dzina lawo loyamba ndi Robert. N'chifukwa chake wolemba aliyense wodziwa ntchito amaika nambala ndi zaka. Mlembi wanu sanaike chilichonse. Anangoona dzina lofanana pa intaneti n'kulumikiza.

Wina anena kuti bambo ameneyu akulimbana ndi zinthu za kutali, ife zikutikhudza bwanji. Zikutikhudza pamimba penipeni. Wachitatuyo anali nduna yaikulu ya Britain katatu, kuyambira 1885 mpaka 1886, 1886 mpaka 1892, ndi 1895 mpaka 1902, ndipo nthawi yaitali ankagwiranso yekha unduna wa zakunja. Ndi boma lake limene mu Januwale 1890 linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake m'dera la Shire, msilikali wa Portugal Serpa Pinto atamenyana ndi Amakololo. Ndi boma lake limene pa 1 Julaye 1890 linapangana ndi Germany pangano la Heligoland, limene linaika malire m'gombe la kum'mawa kwa nyanja, pangano lomwelo limene Malawi amagwira m'manja akamakambirana ndi Tanzania. Ndi mu ulamuliro wake momwe dziko lino linalengezedwa kuti lili pansi pa chitetezo cha Britain mu 1891. Mzinda umene makolo athu ankapitako kukagwira ntchito, ena n'kutchona komweko, unatchedwa Salisbury mu 1890 polemekeza iyeyu, mpaka unasinthidwa kukhala Harare mu 1982. Nkhani ya nyanja ndi yoti tsiku lina ikhoza kukafika kukhoti la maiko onse. Nyuzipepala imene singasiyanitse munthu wa m'nthawi ya panganolo ndi mdzukulu wake ikutichititsa manyazi pamaso pa anthu amene tikutsutsana nawo.

Mdzukuluyo nayenso ali ndi mlandu wake, ndipo mwamupulumutsa pomubisa m'ndevu za agogo ake. Anali munthu wamphamvu m'chipani cha Conservative. Mu Januwale 1957, Anthony Eden atatula pansi udindo wa nduna yaikulu, iyeyu pamodzi ndi Lord Kilmuir ndi amene anafunsa nduna imodziimodzi ngati ikufuna Harold Macmillan kapena Rab Butler. Patangopita miyezi iwiri anatuluka m'boma la Macmillan chifukwa sanafune kuti Archbishop Makarios wa ku Cyprus amasulidwe. Mu 1961 anaukira Macleod pomunena kuti ndi wochenjeretsa, chifukwa ankaona kuti akupereka mphamvu kwa anthu akuda m'chitaganya, makamaka ku Northern Rhodesia, n'kusiya azungu a m'minda. Ian Smith atalengeza ufulu wake wosavomerezeka mu 1965, iye anatsutsa zoti Rhodesia ipatsidwe chilango cha zamalonda. Anamwalira mu 1972. Zolankhula zake za m'Nyumbamo zinalembedwa mu Hansard, buku la zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, ndipo aliyense wokhala ndi foni ndi bandulo akhoza kuziwerenga. Mphamvu zonsezo mu House of Lords, nthambi yapamwamba ya Nyumba ya Malamuloyo, anali nazo chifukwa cha kubadwa, ndipo ankalankhula za tsogolo la Nyasaland popanda Mnyasa aliyense womutuma. Imeneyi ndiyo nkhani imene mlembi wanu anaiphonya.

Ndipo m'ndime yomaliza anawonjezera bodza lina, lakuti kwa Angerezi udindo umapita kwa mwana woyamba, n'chifukwa chake kulibe madandaulo ngati a kwathu kuno. Si zoona. Maudindo ambiri otere amatsata ana aamuna okhaokha. Onani nthambi ina ya banja lomweli, ya Thomas Cecil, mkulu wake wa Robert, amene anakhala Earl of Exeter mu 1605. Marquess of Exeter wachisanu ndi chimodzi, amene anapata mendulo ya golide pa mpikisano wa Olympics mu 1928, anamwalira mu 1981 atasiya ana aakazi okha. Udindo unawadumpha onse n'kupita kwa mng'ono wake amene ankakhala ku Canada, ngakhale amene anatsala akusamalira nyumba ya makolo, Burghley House, anali mwana wamkazi, Lady Victoria Leatham. Lamulo la mu 2013 linasintha kalowedwe ka ufumu wa Britain kuti mwana wamkazi asadumphidwe ndi mlongo wake wamng'ono, koma maudindo awa silinawakhudze. Ife kuno tili ndi amayi amene ndi ma T/A ndi ma Senior Chief. Mukamayamikira za eni muzidziwa kaye chimene mukuyamikira.

Banjali silinathe ayi. Wachisanu ndi chiwiri, wobadwa mu 1946, analowa udindo mu 2003. Akadali Viscount Cranborne, mu 1998, anapangana mwamseri ndi boma la Tony Blair kuti obadwira m'maudindo okwana 92 atsale mu House of Lords pamene anzawo oposa 600 ankachotsedwa ndi lamulo la mu 1999, ndipo William Hague, mtsogoleri wa chipani chake, anamuchotsa paudindo wotsogolera chipanicho mu House of Lords chifukwa cha zimenezo. Mu Seputembala 2024 boma la Keir Starmer linabweretsa bilu yofuna kuchotsanso otsalawo. Mawa mudzalemba za Marquess wachisanu ndi chiwiriyu, ndipo ndikuopa kuti mudzamuvekanso ndevu za mu 1890.

Vutoli si la mlembi mmodzi yekha. Masamba a Chichewa m'nyuzipepala zathu amatengedwa ngati zotsalira. Nkhani ya Chingerezi ikalakwika m'mawa, madzulo mwakonza kale. Ya Chichewa imangodutsa, ngati wowerenga Chichewa ndi munthu wosaganiza. Chonsecho tsamba limeneli ndi limene limawerengedwa mokweza pagolosale, limene aphunzitsi akumudzi amadula n'kusunga chifukwa mabuku a mbiri ndi osowa m'masukulu. Ine ndinaphunzitsapo mbiri kusekondale, ndikudziwa zimene zimachitika mwana akaona chinthu chosindikizidwa: amachikhulupirira kuposa mphunzitsi wake, n'kukachilemba pamayeso a MSCE. Akalephera funsolo adzadandaula kwa yani? Ndipo zimenezi zikuchitika pamene ku Zomba kuli National Archives, kuli akatswiri a mbiri ku University of Malawi, anthu oti mukanangowaimbira foni akanakuuzani msanga kuti zakazo sizikugwirizana.

Pempho langa ndi lalifupi. Tulutsani chikonzero patsamba lomwelo, ndi zilembo zooneka, osati m'kangodya pansi pa zotsatsa malonda. Konzaninso nkhaniyo pa intaneti anthu asanaigawane kwambiri pa WhatsApp. Chithunzi chija chisiyeni pa ndime ya 1890, ndipo pa ndime ya 1961 mulembe kuti Marquess wachisanu, 1893 mpaka 1972. Ngati mulibe munthu wowerenga nkhani za mbiri zisanasindikizidwe, aphunzitsi opuma pantchito tilipo ambiri ndipo nthawi tili nayo.

Mphunzitsi wopuma,
Zomba