Lipoti la msonkhano wa ku Blantyre: kuyezetsa matenda a kumtundu munthu asanadwale

A wapampando, akomiti ndi anzanga nonse a gulu lathu la aphungu kuno ku Zomba, ndabwerako. Malisiti a minibasi ndi a kogona ndapereka kale kwa msungichuma, ndiye amene ankanong'onezana kuti ndapita kukadya alawansi akawaone kumeneko.

Tsiku loyamba linathera m'malonje ndi nkhani ya kalembedwe ka mafomu. Panalibe chachilendo. Chimene chinandikhazika chete chinabwera mawa lake, dokotala wina wochokera ku South Africa atayamba kukamba za matenda a Huntington.

Awa ndi matenda a ubongo oyenda m'mtundu, ndipo dzinali ndi la George Huntington, dokotala wa ku America amene anawafotokoza mu 1872. Munthu amakula bwinobwino, kukwatira, kubereka, koma akafika zaka za pakati pa 30 ndi 50 thupi limayamba kugwedezeka lokha, khalidwe n'kusintha, nzeru n'kumachoka pang'onopang'ono. Kholo limodzi likakhala nawo, mwana aliyense ali pakati ndi pakati, atha kutengera kapena ayi. Mankhwala ochiza palibe. Mu 1993 akatswiri anapeza jini yake, kanthu ka m'thupi kotengera kwa makolo kamene kamayambitsa matendawa, ndipo kuyambira pamenepo magazi atha kuuza mnyamata wa zaka 20 wathanzi lake kuti adzadwala. Amawerenga kachidutswa ka jiniyo kotchedwa CAG kuti kabwerezedwa kangati. Kakafika 40 kapena kupitirira, matendawo adzabwera ndithu, tsiku lokha ndiye silidziwika. Pamenepa ndinakweza dzanja n'kuwachenjeza kuti kwathu kuno mukauza agogo kuti vuto ndi majini, mawa lake akalawirira kwa sing'anga kukachotsa mizimu. Anthu anaseka, koma ine sindinkacheza.

Ndinkayembekeza kumva kuti opezeka nawo ambiri amasweka mtima tsiku lomwelo. Si mmene zilili. Nkhawa imakwera masabata oyamba, kenako ambiri amakhazikika chaka chisanathe. Kafukufuku wa mu 1999 wa anthu oposa 4,500 amene anayezetsa anapeza kuti pafupifupi mmodzi pa 100 aliwonse ndi amene anadzipha, kuyesa kudzipha kapena kugonekedwa chifukwa cha matenda a maganizo. Chilonda chenicheni chimatukusira mochedwa. Ku Netherlands anawatsata anthu zaka 7 mpaka 10, ndipo anaona kuti kutaya mtima kumabwereranso munthu akamayandikira msinkhu woti matenda ayambe. Kapu ikagwa m'manja, mwendo ukapunthwa, iye amati zayambika. Ndiyetu ena mwa amene anali ndi nkhawa kwambiri ndi omwe anasiya kubwera kudzaonedwa.

Apa ndiye pandipweteka, anzanga. Ife amene tikulephera kuyendera odwala athu a ku Jali ndi ku Thondwe chifukwa njinga yamoto yakhala miyezi isanu ilibe tayala, tingamutsate munthu zaka khumi? Ndinalemba kalata za njingayi, ndinakumbutsa kawiri, yankho lake mpaka lero ndi lakuti zikuonedwa. Chipinda chathu cha uphungu nachonso mwadzaza makatoni, moti munthu amalira pakhonde anthu akudutsa.

China chimene sindinkachiganizira n'chakuti ngakhale wopezeka alibe savina ayi. Ena amadziimba mlandu kuti bwanji ine ndapulumuka mchemwali wanga watengera. Ena anakana ukwati, osabereka, osasunga ndalama poganiza kuti moyo wawo ndi waufupi, kenako n'kumva kuti alibe kanthu. N'chifukwa chake m'maiko ambiri oyezetsa safika mmodzi pa asanu mwa amene ali pachiopsezo, ndipo malamulo a ntchitoyi amati ana osafika zaka 18 asayezedwe, uphungu uchitike kangapo, munthu akhale ndi ufulu wobwerera m'mbuyo nthawi iliyonse.

Mnzathu wina anati ife Amalawi tinazolowera kale uphungu wa HIV, ndiye izi n'zosavuta. Ndinamutsutsa. Wa HIV timamuuza kuti ma ARV alipo, ayambe lero. Uyu timuuza chiyani? Komanso zotsatira za magazi ake si zake yekha. Ngati wodwala ndi agogo obereka mayi ake, mdzukulu akapezeka nawo ndiye kuti taulula za mayi ake amene sanafune kudziwa. Kuno kwathu kwa chikamwini nkhani ikangotuluka, mwinimbumba amva, ankhoswe amva, atsikana a mbumba yonse n'kumalozedwa chala kuti kumeneko musakakwatireko. Mkamwini angonyamula chikwama chake.

Dokotala uja anawonjezera kuti pali matenda ena ofanana nawo, HDL2, opezeka makamaka mwa anthu a mtundu wa ku Africa, amene kuyeza kwa nthawi zonse sikuwaona. Ndiye munthu atha kuuzidwa kuti alibe chikhalirecho ali ndi enawo.

Madzulo kunali nkhani ya makompyuta osungira mbiri za odwala, ndinangokhalapo. Potseka, ambiri anavomereza zoti pafunidwe njira yotumizira magazi kunja kukayezedwa. Ine sindinaombe m'manja. Maganizo anga ndi akuti tiyambe taphunzira kuwazindikira amene akudwala kale, amene pano akutchedwa olodzedwa kapena zidakwa chifukwa cha mayendedwe awo adzandidzandi, n'kumathandiza owasamalira. Ndikupempha kuti Lachisanu tikambirane zimenezi, ndipo nkhani ya njinga ikhale yoyamba, isaikidwenso kumapeto anthu atayamba kutuluka.