Musazimitse seva yakale makompyuta onse asanasamuke

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga osamalira makompyuta m'maofesi, komanso mabwana awo, pa nkhani yosamutsa makompyuta kuchoka pa seva yakale (kompyuta yaikulu imene imatumikira makompyuta ena) kupita pa yatsopano. Ntchitoyi yakhala ikugwiridwa m'mabungwe ambiri kuyambira pamene Microsoft inaleka kusamalira pulogalamu yake yoyendetsera maseva ya Windows Server 2012 R2 pa 10 Okutobala 2023.

Kompyuta iliyonse ya mu ofesi imasunga adiresi ya seva imene imaigawira zokonza mapulogalamu ndi zotchingira mavairasi. Kwa amene amagwiritsa ntchito WSUS, pulogalamu ya Microsoft yogawira zokonzazi, adiresiyo imalembedwa mu Group Policy (malamulo amene ofesi imatumiza ku makompyuta ake) pamodzi ndi nambala ya khomo lolowera pa sevayo, 8530 kapena 8531, ndipo ukaisintha, makompyuta amene ali pa netiweki ya ofesi amailandira pasanathe maola awiri. Vuto lagona pa liwu lakuti netiweki. Laputopu ya mlangizi amene ali ku Chitipa, kapena ya mayi amene ali patchuthi cha uchembere, siimva uthengawo kufikira tsiku limene idzalumikizidwenso ku likulu.

Kumene ndinkagwira ntchito kale tinazimitsa seva yakale Lachisanu lomwelo limene tinayatsa yatsopano, chifukwa abwana ankafuna makinawo agwire ntchito ina. Lipoti la seva yatsopano linkaonetsa kuti zonse zili bwino, ndipo ifenso tinakhulupirira. Tinaiwala kuti seva imawerenga makompyuta okhawo amene afika kwa iyo, moti amene sanafike saoneka ngati odwala, amangosowa m'kaundula. Patapita miyezi ndi pamene tinapeza malaputopu a m'maboma akuitanabe adiresi yakufa, osalandira chokonza ngakhale chimodzi, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti cholakwacho chinali chathu.

Wina asaone ngati n'zazing'ono. Vairasi ya WannaCry imene inasokoneza zipatala za boma za NHS ku Britain mu Meyi 2017 inalowera pa kampata kamene Microsoft inali itatseka kale mu Malichi chaka chomwecho, ndipo inagwira makompyuta amene sanalandire chokonzacho.

Choncho ndikupempha kuti musanayambe kusamutsa, tulutsani mndandanda wa makompyuta onse pa seva yakale, muufananize ndi kaundula wa katundu wa ofesi, kenaka muzichonga imodziimodzi ikaonekera pa seva yatsopano. Yambani ndi makompyuta ochepa a mu dipatimenti yanu, ndipo powalozera kumene akupita lembani dzina la seva m'malo mwa nambala yake ya pa netiweki (IP), kuti ulendo wina mudzangosintha mu DNS, kaundula amene amalumikiza mayina ndi manambalawo. Amene ali kutali aimbireni foni abwere ndi malaputopu awo kapena alowe kudzera pa VPN, njira yotetezedwa yolumikizira ku netiweki ya ofesi munthu ali kutali. Kwa inu mabwana, chonde apatseni anthu anu nthawi imeneyi, ndipo seva yakale ikhalebe yoyaka kufikira dzina lomaliza pa mndandandawo litachongedwa.

Wosamalira makompyuta,
Lilongwe