Ankhoswe tikugamula za ana popanda kudziwa lamulo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule ngati nkhoswe. Udindowu ndakhala nawo zaka zambiri, koma chaka chatha unandichititsa manyazi.

Mwana wa mlongo wanga, wa kwathu kuno ku Dedza, anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Mzimba. Akwawo anabwera mwaulemu wonse napereka malowolo monga mwa mwambo wawo, ife tinalandira ngakhale kwathu n'kwa chikamwini. Banja litasokonekera patatha zaka 8, tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Za mbale, njinga ndi malata tinamvana msanga. Panavuta pa ana awiri. Akuchimuna amati ng'ombe zinapita, ndiye ana ndi awo. Ine ndimati mwini mbumba ndine, ana satuluka m'mudzi mwa mayi wawo. Mwana wamkulu, wa zaka 7, anali pomwepo, atakhala pa mtondo wogoneka, akulembalemba pansi ndi kamtengo. Anamva zonse. Palibe mmodzi wa ife amene anaganiza zomufunsa kanthu.

Anatitsegula maso ndi aphunzitsi ake, ataona kuti mwanayo wajomba sabata ziwiri. Iwo ndiwo anati tipite ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kuboma, ndipo kumeneko anatilozera kukhoti la ana. Ndinapita ndili ndi mtima woti ndikawina ndi mwambo wathu. Kukhotiko sanafunse za ng'ombe, ndipo za umwini mbumba wanga sanafunsenso. Anafunsa kuti ana akhala akugona kuti, amawaphikira ndani, sukulu ili patali bwanji, akadwala amawatengera kuchipatala ndani. Mwana wamkulu uja anamufunsa maganizo ake. Ine ndinangokhala pa benchi, chipewa chili pa maondo.

Zimenezi zili m'lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, Child Care, Protection and Justice Act. Limati khoti liziyang'ana chimene chingamuthandize mwanayo, liziganizira kuti mwana wamng'ono amafunika kukhala ndi mayi ake, lizimva maganizo a mwana, komanso lisalekanitse ana a mimba imodzi popanda chifukwa. Kholo limene silikukhala ndi mwana lili ndi ufulu wopempha kuti lizimuona. Apa amayi ena amve bwino, chifukwa alipo amene amabisa ana pofuna kukhaulitsa mwamuna. Abambo nawonso amve: kusamalira mwana sikutha chifukwa banja latha, kapena chifukwa simunakwatirane n'komwe. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo, posatengera mmene anabadwira.

Kwa ife zinatha motere: ana akhale ndi mayi wawo nthawi ya sukulu, pa tchuthi azipita ku Mzimba, bambo azitumiza ndalama mwezi ndi mwezi. Kunena zoona, chigamulochi chinaposa nzeru za ankhoswe tonse asanu ndi mmodzi amene tinapsa ndi dzuwa tsiku lija.

Chimene chikundiwawa n'chakuti lamuloli lakhalapo zaka zoposa 10, koma ife amene timayamba kumva milandu ya mabanja sitinauzidwepo. Banja likagwedezeka, anthu sathamangira kwa loya. Amabwera kwa nkhoswe, zikakanika kwa amfumu kapena kwa akulu a mpingo. Ngati amenewa akugamula ndi mwambo wokha, ana ambiri akusamutsidwa ngati mbuzi nkhani isanafike n'komwe kukhoti. Mwambo sindikuunyoza, ndinakulira momwemo. Koma masiku ano Mchewa akukwatira Mtumbuka, Mlomwe akukwatiwa ndi Msena, ndipo miyambo iwiri ikakumana pa mwana mmodzi, wopambana amakhala wa mawu okweza kapena wa thumba lolemera.

Ambiri kumudzi sadziwanso kuti kuli Legal Aid Bureau, bungwe la boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene limathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Amene anamvapo za bungweli amaganiza kuti n'la oganiziridwa milandu yakupha basi, pamene nkhani za mabanja ndi ana limathandizanso.

Ndikupempha bungweli pamodzi ndi unduna woona za ana kuti asonkhanitse ankhoswe ndi mafumu kwa T/A aliyense, atifotokozere lamuloli m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, osati kutipatsa timabuku ta Chingerezi toti tikayatsire moto. Inunso a Mkonzi, tipatseni danga sabata iliyonse pomwe loya angayankhe mafunso a makolo amene akulekana. Mwezi wamawa ndaitanidwa kukamva nkhani ya banja lina, ndipo kumeneko ana ndi atatu.

Nkhoswe wodandaula,
Dedza