Lipoti la nthumwi zathu pa nkhani ya laimu m'madzi a m'mipopi

A Wapampando, akomiti, amayi ndi abambo nonse amene mumatunga madzi a pa thanki yathu,

Munatituma ku msonkhano wa makomiti a madzi a m'madera a mzinda uno ndi madandaulo atatu: sopo sakuchita thovu, maketulo ndi magiza akufa msanga, ndipo ena ayamba kukayika ngati madziwa ndi oyenera kumwa. Kumsonkhanoko kunali oyeza madzi, mapulambala ndi azaumoyo. Tiyamba ndi dandaulo lachitatu, chifukwa ndi limene lingatitayitse moyo tikaliyankha molakwa.

Zoyera zimene zikumata m'ketulo si dothi, si mankhwala othira m'thanki. Ndi laimu, kutanthauza calcium ndi magnesium zimene madzi amasungunula m'miyala akamayenda pansi pa nthaka. Madzi ambiri a Blantyre Water Board amachokera mumtsinje wa Shire pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ena ku damu la Mudi ndi ku Likhubula ku Mulanje. Madzi a mumtsinje kawirikawiri amakhala ndi laimu wochepa kuyerekeza ndi a pansi. Athu amakokedwa mu mjigo, n'chifukwa chake wachibale wochokera kwina amadabwa akasamba kwathu kuno. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO silinaike malire a zaumoyo pa laimu, poti pa milingo yopezeka m'madzi akumwa savulaza thupi. Mantha akuti amayambitsa miyala mu impso alibe umboni wokwanira. Chimene madokotala amachenjeza ndi kumwa madzi ochepa.

Chotidetsa nkhawa ife nthumwi ndi ichi: mabanja ena akusiya mpopi n'kumakatunga pa zitsime zosaya ndi m'timitsinje, ati kumeneko sopo amachita thovu bwino. Thovu silinena kuti madzi ndi abwino. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inali m'gulu la maboma okhudzidwa kwambiri. Madzi a m'khwawa lodutsa pafupi ndi zimbudzi asalowe m'ndowa yomwera, ngakhale akhale ofewa chotani.

Tsopano kayezedwe. Laimu amayezedwa m'mamiligiramu pa lita. Osapitirira 60 ndi madzi ofewa, 61 mpaka 120 ndi apakatikati, 121 mpaka 180 ali ndi laimu wambiri, kupitirira 180 ndi wochuluka zedi, ndipo cha pa 200 mpamene mapaipi ndi magiza amayamba kumatidwa mooneka. Potenga madzi okayezetsa, tsegulani mpopi kwa mphindi zitatu, tsukani botolo la lita imodzi katatu ndi madzi omwewo, dzazani mpaka pakamwa, lembani malo ndi tsiku. Titenge pa mjigo penipeni, pa thanki, ndi pa mpopi wa nyumba yakumapeto kwa paipi. Kamodzi mu Okutobala, kamodzinso mu Febuluwale. Botolo loyezera tizilombo ndi lina: limachokera ku labotale lili lotsekedwa, limasungidwa pozizira ndipo libwerere tsiku lomwelo. Malawi Bureau of Standards ili ndi miyezo ya madzi akumwa ndi ya madzi a m'mijigo, choncho zotsatira zathu tikaziyerekeze ndi imeneyo.

Poyezetsapo tipemphenso iron ndi fluoride, chifukwa anthu amazisokoneza ndi laimu. Madontho ofiirira pa malaya oyera ndi m'sinki ndi iron, amene amayamba kudetsa akapitirira mamiligiramu 0.3 pa lita. Mano a ana ochita mawanga a bulauni ndi chizindikiro cha fluoride wopitirira 1.5, ndipo ameneyu kuwiritsa sikumuchotsa.

Pamene laimu akutidyera ndalama kwenikweni ndi pa madzi otentha. Madzi akatenthedwa, laimu amatuluka n'kuuma pa chitsulo chotentha kwambiri, ndipo amachita zimenezi mofulumira kutentha kukapitirira madigiri 60. M'giza chitsulo chimenecho ndi elementi. Ikakutidwa imakhala ngati munthu wofunda bulangeti m'Okutobala: kutentha sikutuluka, imapsa yokha mkati mpaka kuphulika. Zizindikiro zake ndi giza yolira ngati ikuthetheka, madzi ochedwa kutentha, kapena switchi ya pa bokosi la magetsi yomangodzizimitsa. Mapulambala akuti magiza ambiri amawapeza atayikidwa pa 70. Tsitsani thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa giza, ifike pa 60, koma musatsitse kwambiri pofuna kupulumutsa mayunitsi, chifukwa m'madzi ofunda chabe mumaswana tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo. Kamodzi pa chaka giza ikhuthulidwe: zimitsani magetsi ake pa bokosi, tsekani paipi yolowetsa madzi, tsegulani mpopi wa madzi otentha kuti mpweya ulowe, kenaka tulutsani madzi ndi zinyenyeswa zapansi. Wodziwa ntchitoyo achotse elementi, ayiviike mu viniga, asinthe labala yotsekera, aonenso kandodo koteteza giza ku dzimbiri kotchedwa anode ngati katha. Ndipo musayatse giza isanadzaze. Elementi youma imapsa m'kanthawi kochepa.

Ketulo ndi yosavuta. Thirani viniga woyera ndi madzi mofanana mpaka zoyerazo zimire, wiritsani, siyani ola limodzi, tayani, wiritsaninso madzi okhaokha kawiri. Popanda viniga, madzi a mandimu anayi kapena asanu amagwira ntchito, kungoti pang'onopang'ono. Osapala ndi mpeni. Mutu wa shawa ndi kasefa ka kukamwa kwa mpopi zigone mu viniga usiku wonse, mawa mutsukule timabowo ndi mswachi wakale. Chenjezo lalikulu: viniga kapena mandimu asakumane ndi Jik, zimatulutsa mpweya wa klorini wowononga mapapo, makamaka m'bafa lotseka.

Onaninso kathanki ka chimbudzi chamadzi. Laimu akagwira pa valavu, madzi amangotsikira m'mbale usana ndi usiku osamveka, ndipo ndi amene akutupitsa mabilu ena.

Pa zochapa, sopo wamtanda ndi amene amagonja. Amagwirana ndi laimu n'kupanga zoterera zotuwa zija zoyandama m'beseni, ndiye zovala zimauma zili gwa, khungu limayabwa, tsitsi limakakala. Sopo waufa amapirira bwino. Chothandiza china ndi soda wochapira, sodium carbonate: supuni yaikulu imodzi kapena ziwiri m'ndowa ya malita 20, vundulani, dikirani mphindi khumi musanathire sopo. Ameneyu si soda wothira m'therere, komanso si caustic soda, amene amawotcha manja. Amayi anafunsanso za nyemba zosapsa msanga. N'zoona, calcium amalimbitsa khungu la nyemba, makala n'kumathera pamenepo. Ziviikeni usiku wonse m'madzi owiritsa kale amene mwawatsanula mosamala kusiya zoyera pansi. Soda wothira m'therere amafewetsa nyemba, koma akachuluka amawononga mavitamini ena.

Madzi a mvula alibe laimu, ndipo tikuwataya. Milimita imodzi ya mvula pa sikweya mita imodzi ya denga ndi lita imodzi. Denga la masikweya mita 80 pa mvula ya mamilimita 25 limagwira malita 2,000. Ngakhale ena atatayike, otsalawo ndi ochapira masiku angapo. Oyamba kutsika atayidwe chifukwa amakokolola fumbi ndi zitosi, ndipo mgolo uvindikiridwe kuti usasanduke mosweramo udzudzu.

Ogulitsa zida analiponso, ndipo apa tikupempha kusamala. Sefa wamba, sefa ya kandulo ndi klorini sizichotsa laimu; ntchito yake ndi litsiro ndi tizilombo. Timaginito tomangirira pa paipi tilibe umboni wodalirika. Makina ogwiradi ntchito ndi a timikanda ta resin timene timakola calcium n'kutulutsa sodium, ndipo timafuna mchere nthawi zonse. Pa mamiligiramu 100 alionse a laimu ochotsedwa, m'madzi mumalowa mamiligiramu pafupifupi 46 a sodium, yemwe uja wopezeka mu mchere, kotero mpopi wa kukhitchini usadutse m'makinawo, makamaka kunyumba kumene kuli makanda kapena odwala BP. Makina a reverse osmosis, okankhira madzi pa sefa ya timabowo tosaoneka ndi maso, amachotsa pafupifupi zonse, koma ang'onoang'ono a m'nyumba amataya malita atatu kapena anayi pa lita imodzi yabwino. Maganizo athu ndi akuti kuika makina pa thanki ya tonse n'kuwononga ndalama, popeza madzi ambiri amathera kuchimbudzi, kukolopa ndi kuthirira ndiwo zamasamba, kumene laimu sasokoneza kanthu.

Pa msonkhano wathu ukubwerawu tikupempha kuti muvomereze ndalama yoyezetsera madzi kuchokera m'thumba la komiti, musankhe anthu awiri otenga mabotolowo, ndipo pasagulidwe makina alionse zotsatira zisanabwere. Amene muli ndi magiza mulembetse kwa mlembi, kuti tipangane ndi pulambala mmodzi ayende nyumba zonse pa mtengo umodzi.

Ife nthumwi zanu.