Dandaulo kwa kampani imene inatiikira intaneti ku Chelstone

Inu akuluakulu a kampani imene inatiikira intaneti kunyumba kwathu ku Chelstone mu Lusaka, ndikulemba pano pagulu chifukwa ku ofesi kwanu ndinachitidwa chipongwe ndipo palibe amene anandimvera.

Rauta yanu, kachipangizo kogawa intaneti m'nyumba, ndinagula K1,450, ndipo mwezi uliwonse ndimalipira K850 tsiku lisanakwane. Chichokereni katswiri wanu amene anabwera kudzasintha waya chakumayambiriro kwa mwezi watha, makompyuta athu atatu sakuthanso kulowa pa intaneti nthawi imodzi. Imene yayamba kulumikizidwa ndiyo imalowa, pamene zinazo zimaonetsa kuti zagwira Wi-Fi koma tsamba lililonse likukana kutseguka. Ndinazimitsa rauta n'kuyatsanso, ndinasintha waya, koma sizinathandize. Makompyuta okanidwawo ali ndi adiresi yoyamba ndi 169.254, imene kompyuta imadzipatsa yokha ikalephera kulandira adiresi kuchokera ku rauta. Apa n'zoonekeratu kuti gawo la DHCP, logawira makompyuta maadiresi, linasokonezedwa, kapena rauta inasiyidwa ikungodutsitsa adiresi imodzi yokha. Kukonza kwake ndi kwa kanthawi kochepa, koma ndikalemba 192.168.1.1 kuti ndilowe, mawu achinsinsi olembedwa pansi pa rauta akukanidwa, chifukwa munthu wanu anawasintha osatiuza.

Sabata yatha ndinamasula rautayo, n'kuiika m'chikwama, n'kulipira takisi K180 kupita ndi kubwera ku ofesi yanu m'tauni. Nditadikira nthawi yaitali pamzere, mnyamata wa pa kauntala sanafune n'komwe kuti ndiitulutse m'chikwamamo. Maso ake anali pa foni yake nthawi yonse imene ndinkafotokoza, ndipo nditatchula za adiresi ija anaseka, n'kunena mokweza kuti, “Amayi, ngati kompyuta imodzi ikulowa ndiye kuti intaneti ilipo, pitani mukafunse ana anu kunyumba akuphunzitseni.” Anaitana wotsatira ine ndidakali chiimire pomwepo. Nditaumirira, anandiuza kuti katswiri abwera pokhapokha nditalipira K300. Kodi ndilipire K300 kuti mudzakonze chimene munaononga nokha? Mwana ameneyu ndi msinkhu wa mwana wanga woyamba, ndipo mawu amenewo anandilankhula pamaso pa anthu odzaza chipinda chonse.

Abale anga amene mukuwerenga izi, mukudziwa mmene magetsi amavutira muno mu Lusaka. Maola ochepa amene ayaka ndi amene tonse timafuna kugwira ntchito: ine kutumiza mainivoisi kwa makasitomala anga, mwana wanga kutumiza ntchito yake ku yunivesite. Tsopano tikuchita kulandizana kompyuta imodzi ngati mtondo wobwereka, kwinaku tikugula mabandulo a pafoni pamwamba pa K850 imene inu mwalandira kale.

Chimene ndikufuna n'chakuti mutumize katswiri kwaulere sabata ino, kapena mundipatse mawu achinsinsi a rauta imene ndinagula ndi ndalama zanga, komanso mundibwezere K850 ya mwezi umenewu ndi K180 ya takisi. Mnyamata uja apepese. Mukapanda kutero pofika Lachisanu, ndikatula nkhaniyi ku ZICTA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni ndi intaneti, ndi ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe loteteza ogula, ndipo malisiti onse pamodzi ndi zithunzi za adiresi ija ndasunga. Pamenepo dzina la kampani yanu ndidzalilemba poyera, ndipo anzanga a ku Chelstone ndi ku Avondale amene ndinawalimbikitsa kuti alowe kwa inu ndidzawauza mmodzimmodzi kuti achoke.