Seattle sinagonje chifukwa cha mpira umodzi wa Russell Wilson

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa ndemanga imene inatuluka pa tsamba lanu la zamasewero. Mlembi wanu, pokamba za aphunzitsi a mpira amene amapha matimu awo ndi chiganizo chimodzi cholakwika, anapereka chitsanzo cha Pete Carroll, amene panthawiyo anali mphunzitsi wa Seattle Seahawks, timu ya mpira wa ku America, n'kunena kuti bamboyu anataya chikho ndi manja ake pa 1 February 2015. Mawu amenewa ndawamva kwa zaka zambiri kuno, m'basi, kuntchito, ngakhale pabwalo la tchalitchi tikaweruka. Nanenso poyamba ndinkawanena. Koma si zoona, ndipo zimandipweteka kuona kuti afika mpaka kwathu.

Ndimakhala ku Tacoma, kum'mwera kwa Seattle, ndipo ntchito yanga ndi yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Mpira wa ku America anandiphunzitsa ndi agogo ena aamuna amene ndinkawasamalira nthawi imeneyo. Ankatenga zivindikiro za mabotolo a mankhwala awo, n'kuzindandalika pathebulo, zoyera mbali ino zabuluu mbali inayo, n'kumandionetsa kuti uyu amaponya, uyu amathamanga ndi mpira, awa amatchinga. Kwa owerenga amene sanauonepo: timu imapatsidwa mipata inayi kuti isunthe mpira mayadi 10, ndipo yadi imachepera pang'ono pa mita. Mukafika nawo mpira kuseri kwa mzere wa adani, imeneyo ndiyo touchdown, mapointi 6. Chinanso chofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi wotchi. Mukathamanga ndi mpira n'kugwetsedwa m'bwalo, wotchi imapitirira kuyenda. Mukaponya koma mnzanu osauwakha, wotchi imaima.

Tsikulo linali la Super Bowl, masewero omaliza olimbirana chikho cha ligi, ku Glendale m'boma la Arizona, Seattle ikukumana ndi New England Patriots. Kuno anayamba 3:30 masana, pamene kwathu kunali pakati pa usiku. Chaka chapitacho Seattle inali itasambitsa Denver Broncos 43 kwa 8, ndiye mzinda wonse unkayembekeza chikho chachiwiri motsatizana. Mbendera za nambala 12, imene ochemerera timuyi amadzitcha nayo, zinali pa mawindo, pa magalimoto ndi pa nsanja za mumzinda.

Zimene aliyense amakumbukira ndi izi. New England ikutsogola 28 kwa 24, nthawi ikutha. Jermaine Kearse wa Seattle anawakha mpira ali chagada pansi, utamugunda m'miyendo ndi m'manja kangapo, n'kufika nawo pa mayadi 5 kuchokera pa mzere wa adani. Marshawn Lynch anathamanga mayadi 4. Kunatsala yadi imodzi ndi masekondi 26. M'malo momupatsanso Lynch, Russell Wilson, woponya mpira wa Seattle, anaponyera Ricardo Lockette, ndipo mnyamata wa New England wotchedwa Malcolm Butler anadumphira kutsogolo n'kuulanda. Agogo aja sanafuule. Anangovula chipewa chawo n'kuchiika pamaondo, ndipo tiyi amene ndinawapangira anazizira pomwepo.

Kuyambira usiku umenewo, ochemerera akhala ndi yankho limodzi: akanangomupatsa Lynch. Munthu amene amamutcha Beast Mode, amene tsikulo anali atathamanga mayadi 102, angalephere yadi imodzi? Ena anafika ponena kuti akuluakulu a timu ankafuna kuti ngwazi ya tsikulo akhale Wilson, chifukwa Lynch ankakana kulankhula ndi atolankhani. Zimenezo ndi zolankhula za mtima wowawa, ndipo sindizitaya nthawi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Seattle inali ndi mipata itatu yotsala, masekondi 26, ndi mwayi umodzi wokha woimitsa wotchi. Mukathamanga koyamba n'kulephera, mwaimitsa wotchi, mwayi uja watha. Mukathamanganso n'kulephera, nthawi ikhoza kutha anthu akudzukabe pamulu, mpata wachitatu osaugwiritsa ntchito. Kuti mipata yonse itatu igwire ntchito, pankafunika kuponya kamodzi. Bill Belichick, amene anali mphunzitsi wa New England, anakana kuimitsa wotchi ngakhale ambiri ankayembekeza kuti atero, ndipo anadzaza kutsogolo ndi amuna akuluakulu oyembekezera Lynch. Komanso anthu safuna kumva kuti m'nyengo imeneyo Lynch anapatsidwa mpira pa yadi imodzi kasanu, ndipo analowa kamodzi kokha.

Chinanso, Carroll yemweyo anachita zofanana chigawo chachiwiri mwa zigawo zinayi za masewerowa chikutha. Kutatsala masekondi 6, m'malo momenya mpira wa mapointi 3 umene unali wotsimikizika, analamula kuti aponye. Chris Matthews anauwakha, zigoli zinakhala 14 kwa 14, ndipo tonse tinaimirira n'kumati mphunzitsi wathu ndi wolimba mtima. Mtima womwewo umene tinauombera m'manja pa nthawi yopuma ndi umene tinautukwana kumapeto.

Pali dandaulo limodzi limene ndimalivomereza. Ngati kuponya kunali koyenera, sankayenera kuponyera pakati pomwe panali anthu ambiri. Akanaponyera kukona, kumene mpira ukaphonya umangotuluka kunja. Apo Darrell Bevell, amene ankasankha kaseweredwe ka kutsogolo, analakwitsa. Ndipo sindinakondwe naye pamene anauza atolankhani kuti Lockette akanalimbira mpira mwamphamvu. Carroll ndi Wilson aliyense anati mlandu ndi wake. Mkulu sasenzetsa mwana katundu wotere pagulu.

Koma masewero anatayika kale mpira umenewo usanaponyedwe, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mlembi wanu amvetse. Chigawo chomaliza chikuyamba, Seattle inkatsogola 24 kwa 14. Timu imene inali ndi otchinga oopsa kuposa onse mu ligi inalola ma touchdown awiri m'mphindi zosakwana 15. Funso loyenera ndi lakuti zinatheka bwanji.

Yankho lili m'matupi a anthu. Richard Sherman anasewera ndi chigongono chovulala. Earl Thomas phewa lake linali litaguluka milungu iwiri m'mbuyomo. Kam Chancellor anavulala bondo pokonzekera, patangotsala masiku ochepa. Kenako m'chigawo choyamba Jeremy Lane analanda mpira wa Tom Brady, woponya mpira wa New England, pakhomo penipeni, koma pothamanga nawo anagwetsedwa n'kuthyoka mkono. Ndimakumbukira kuti pa TV atabwereza chithunzicho ndinayang'ana kumbali, chifukwa pa ntchito yanga ndaonapo mafupa othyoka ndipo ndinadziwa kuti sabweranso. M'malo mwake kunalowa Tharold Simon, mnyamata amene anali asanazolowere masewero aakulu chonchi. Brady si munthu woti angaone mpata wotere n'kuusiya. Anayamba kuponyera mbali ya mnyamatayo mobwerezabwereza.

Ndiye m'chigawo chachitatu Cliff Avril anagundidwa mutu n'kutuluka. Iye ndi Michael Bennett ndi amene ankamusowetsa mtendere Brady. Avril atachoka, Brady anayamba kuima momasuka, n'kumasankha woti amuponyere ngati mayi akusankha tomato pamsika. Danny Amendola wa New England anagoletsa touchdown. Ulendo wotsatira Brady anaponya ka 8, ndipo mipira yonse 8 inawakhidwa, womaliza ndi Julian Edelman kutatsala mphindi 2 ndi masekondi 2, Simon atatsala m'mbuyo. Pakati pa zonsezi akutsogolo a Seattle ankalandira mpira n'kuubweza msanga osapita patali, moti otchinga otopa ndi ovulala aja sankapeza n'komwe nthawi yopuma. Zimenezi ochemerera sazitchula, chifukwa n'kovuta kukwiyira munthu amene wathyoka mkono.

Chomwe chimandipweteka koposa n'chakuti tikamati Carroll anapereka chikho, timamulanda Malcolm Butler chake. Mnyamatayu anachokera ku sukulu yaing'ono ya West Alabama, palibe timu imene inamusankha pa chisankho cha osewera atsopano, ndipo nthawi ina ankagwira ntchito mu lesitilanti ya nkhuku. Pokonzekera masewerowa anzake anamuyesa ndi kaseweredwe komweko ndipo anagonja, aphunzitsi n'kumudzudzula. Atawaona a Seattle aima m'njira yomweyo, anakumbukira. Ndipo mnzake Brandon Browner, amene chaka chapitacho anali wa Seattle, anamugwira Kearse pamzere kuti asatchinge njira ya Butler. Anthu awiriwa anagwira ntchito yawo bwino. Ngakhale Brady anazindikira zimenezi, chifukwa galimoto imene analandira monga wosewera bwino kwambiri anaipereka kwa Butler.

Agogo aja anamwalira patapita zaka ziwiri, ndipo mpaka kumapeto sitinagwirizane pa nkhaniyi. Iwo ankati Lynch akanalowa. Koma tsiku lina tikuonera masewerowo kachiwiri, anandiuza kuti ndiimitse pamene Avril akutuluka m'bwalo, n'kuchotsa chivindikiro chimodzi chabuluu pathebulo paja, ndipo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mpata umene unatsala.

Pempho langa kwa mlembi wanu ndi lakuti awaonenso masewerowa, poti alipo pa intaneti. Asayambire pa masekondi 26 omaliza. Ayambire pamene Jeremy Lane akutuluka m'bwalo, atenge pepala, ndipo alembe kuti Brady anaponya kangati kumbali imene kunali Simon.

Ine wowerenga wanu,
Mbadwa ya ku Ntcheu,
Tacoma, Washington