Kalata kwa mwana wanga ku Limbe, za katemera wa korona uja

Mwana wanga,

Dzulo ndinakuimbira kawiri koma netiweki ya kuno ukuidziwa wekha, nde ndati ndingolemba uwerenge ukaweruka. Kuno tili bwino, mwera wayamba kuchepa, usipa ukupezeka ngakhale wakwera mtengo, bambo ako ndi bondo lawo lija basi.

Voisi unanditumizira pa WhatsApp ija ndaimvera mpaka kumapeto, kawiri konse. Bambo akulankhulayo sanatchule dzina lake, sanatchule chipatala chomwe amagwira, akungoti ine ndine dokotala, onse obaya katemera wa korona afa pakatha zaka ziwiri, azimayi sadzaberekanso. Nde iwe amene ndinakugulitsira mandasi pa depoti kuti umalize folomu 4, ukundiuza kuti ndisakabaye wachiwiri chifukwa cha munthu wopanda nkhope? Wachedwa mayi, ndinabaya kale mwezi wathawu, kadi ili m'Baibulo muno.

Sindikukuseka ayi, inenso ndinaopa. Katemera wa AstraZeneca atafika mu March 2021, a Chakwera anabaya ku Zomba pa 11, tinamva pa wailesi, ine ndinati amenewo awabaya madzi. Kumpingo ena ankati ndi 666, anzathu achisilamu ena ankati muli za nkhumba, anyamata a kabaza pa mlatho ankati azungu akufuna kutichepetsa, aliyense ndi yake. Pomwetu nkuti titaika kale amalume ako mu January, mwezi omwe uja nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Belekanyama, zinamwalira ndi korona tsiku limodzi. Iwe sunabwere nde sunaone. Munthu wamphamvu uja, wokoka chilimira usiku onse, ankapuma ngati nsomba yoponyedwa pamchenga, masiku anayi okha basi. Thupi silinalowe m'nyumba, sitinawasambitse, sitinaone nkhope, anthu ovala zoyera aja anatsitsa bokosi ife tili patali ndi mamasiki. Mpaka lero azakhali ako amati zikukhala ngati achimwene angopita ku Makanjira abwera.

Ndi zonsezo ndinakhalabe mpaka May osapita. Amene anandigonjetsa ndi mlangizi wa zaumoyo uja ankakuyezani kusikelo, wakalamba pano koma akupalasabe njinga. Sanandilalikire zambiri, anangopinda malaya nkundionetsa pomwe anabayidwa, kenako akuti amayi, ana anu onse anayi ndinawabaya ndine, wa chikuku, wa TB, wa poliyo wodonthezera mkamwa uja, ndikanafuna kukupherani ana ndikanadikira mpaka lero? Ndinasowa choyankha. Tayang'ana pa mkono pakopo, kachipsera kaja unkati kakukunyansa uli mtsikana, ndi katemera ameneyo, ndinakubereka kumbuyo mtunda wonse uja kuti akakubaye.

Za kuotcha katemera zija wanenazi nzoona, anaotchadi ku Lilongwe mu May, madozi 19,610, nduna ya zaumoyo a Khumbize Chiponda ali pomwepo. Koma sanaotche chifukwa anali ndi poizoni, masiku ake anatha mu April tisanamumalize, ndipo mwa zina nchifukwa anthu ngati ine tinkathawa. Anaotcha poyera kuti tisamati akutibaya wowola. Chondipweteka nchakuti pofika June katemera anatheratu, ife ofuna wachiwiri tinkangobwezedwa, kenako July uja matenda anabweranso mwamphamvu, anthu omwe ankanyoza aja nkumafunsa kuti abwera liti.

Koma ine ndine mayi ako, ndikudziwa kuti si 666 ikukuopsa. Zaka ziwiri pabanja popanda kanthu, apongozi ako ayamba kale kuyang'ana pamimba pako ukamawapatsa moni, nde ukuganiza kuti ukabaya nkuchedwabe adzati waona, anadziononga yekha ndi jakisoni. Ndikukumvetsa kwambiri, ineyo iwe ndinakudikira zaka zitatu, mawu a anthu ndinawamva onse, ena ankalankhulira pachitsime ine ndili pomwepo. Koma tamva. Bodza lakuti katemera amatseka mimba si la lero, ankanenanso chimodzimodzi za wa kafumbata nthawi yathu, ine ndinabaya ndili ndi pakati pako, pambuyo pako nkubereka ena atatu, mng'ono wako womalizayu nde sitinamuyitane nkomwe. Mkazi wa aphunzitsi oyandikana nafewa anabaya mu April, pano akulavula malovu paliponse, chitenje chakwera. Ndipo anamwino ananena tili pamzere kuti korona akagwira mayi woyembekezera amamuvuta kwambiri kuposa mnzake amene alibe pakati, chifukwa kupuma kumakhala kale kochepa. Nde ngati ukufunadi mwanayo, bola akupeze utabaya. Za kuchedwazo mupite nonse awiri ndi bambo akunyumba kwako akakuyezeni, si nthawi zonse vuto limakhala la mkazi, koma imeneyo tidzakamba pamaso.

Sindikunamiza kuti sizipweteka. Mkono unalemera masiku awiri, usiku oyamba ndinamva kuzizira ngati malungo akubwera, ndinamwa Panado nkugona, mawa lake ndinali pa mtondo. Anatiuzanso chilungamo kuti ukabaya ukhoza kudwalabe korona, kungoti thupi limakhala lamudziwa kale mdaniyo nde nthawi zambiri sufika pofuna okosijeni. Kwa ine wa shuga ndi bipi zimenezo nzokwana. Iweyo tsiku lililonse uli mu minibasi yodzaza, kushopu ukulandira ndalama za anthu mazana, masiki ili pachibwano, ndinakuona pa chithunzi chija usakane.

Chaka chino cha 2021 kwabwera wa Johnson & Johnson, wobaya kamodzi basi, ndi waulere, aliyense wokuuza kuti ulipire ndi wakuba. Tenga chiphaso chako upite Loweruka mmawa, ukafunse anamwino chilichonse chikukuvuta, ngakhale za mimbazo, usachite manyazi. Bambo akunyumbawo uwatenge, akakana undipatse ndilankhule nawo ndekha. Ukabaya unditumizire chithunzi cha kadi ndiwaonetse bambo ako, nawonso akuzengereza wachiwiri, akuti adikira aone iwe kaye.

Ndatumiza usipa ndi kaufa ka kondowole kwa dalaivala uja, afika Lachisanu, ukalandire msanga asanakutapireko.

Ndine mayi ako.